Chingwe cha waya

Chingwe chopotedwa ndi mawaya achitsulo, chomwe amachigwiritsa ntchito m'migodi, pa zombo, pa makina onyamula katundu padoko komanso pa milatho yolenjekeka. Mawaya angapo amapotedwa kukhala nkhosi imodzi, kenaka nkhosizo, kawirikawiri zisanu ndi imodzi, amazipota mozungulira mtima wachitsulo kapena waulusi wonyowetsedwa ndi mafuta.

Anachiyambitsa ndi Wilhelm Albert, mkulu wa migodi ya ku Clausthal m'dziko la Germany, mu 1834. Kumeneko zingwe zaulusi zinkawola ndi chinyezi, pomwe unyolo unkangoduka mwadzidzidzi mphete imodzi ikatha. Chingwe chake chinali cha nkhosi zitatu, iliyonse ya mawaya anayi, chopotedwa pamanja. Albert sanatenge patenti, chikalata chaboma choteteza luso la munthu. Ena ndiwo anatenga: Robert Newall ku Britain mu 1840, ndi John Roebling ku America mu 1842, yemwe pambuyo pake anajambula pulani ya mlatho wa Brooklyn.

Ubwino waukulu wa chingwe cha waya ngwakuti chimachenjeza chisanaduke. Timawaya takunja timayamba kuthothoka kamodzikamodzi n'kuima ngati minga, moti wachombo wochigwira wopanda magolovesi amachidziwira m'chikhatho.