Kufunsira: Mawu Amene Amadikira Yankho

Adzukulu anga, Loweruka lapitali ndinali pachinkhoswe kuno ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Wolengeza mwambo anati mnyamatayo "anapanga propose" kunyanja, atagwada, mphete ili m'manja. Amayi anaimba nthungululu. Ine, poti uphunzitsi sutha ndi kupuma ntchito, ndinatsalira pa mawuwo.

Mneni ameneyu ngwobwereka ngakhale kwa Angerezi eni ake. Anamutenga ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1300, ndipo tanthauzo lake ndi kuika chinthu patsogolo, monga phungu aikira ganizo pamaso pa anzake m'Nyumba ya Malamulo. Za ukwati zinadzalowamo mochedwa, m'zaka za m'ma 1700.

Mawu athu ndi kufunsira. Gwero lake ndi kufunsa, koma talowetsamo kachidutswa kaja ka -ir- kamene kamasandutsa kuphika kukhala kuphikira, kugula kukhala kugulira. Kamaonetsa kuti ntchitoyo ili ndi cholinga, kapena ikuchitidwa m'malo mwa wina. Pa ukwati zonse ziwiri zinali zoona.

Mnyamata ankayamba yekha, mwina panjira ya kuchitsime. Mtsikana sankavomera pomwepo, pajatu mbeta silola tsiku limodzi. Akalola, ankalandira chikole, kaya mpango kaya mikanda, n'kutchula dzina la malume ake, mwini mbumba. Kuyambira apo mnyamata analibenso pakamwa. Malume ake ndiwo ankapita kukamufunsira mbeta, ndipo akuchikazi ankayankha kuti amva, ayambe aonana. M'masiku odikirawo mafunso ankatembenuka. Kodi mnyamatayu kwawo n'kuti? Sali pachibale ndi ife? Khasu amaligwira? Sanasiye mkazi kwina? Funso lotsirizali linkalemera kwambiri m'zaka zimene amuna ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ulendo umene boma linaimitsa mu 1974. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinawerengerapo makolo makalata ofunsira ochokera kumeneko, chithunzi cha mwini kalata chili m'kati, atavala jekete mwina yobwereka.

Sindikunena kuti zakale zonse zinali zowongoka. Panali atsikana otomeredwa akali ana, amene aliyense ankafunsidwa kupatula iwo eni. Lamulo la ukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Pamenepo ine ndinaomba m'manja.

Kuno m'tauni kufunsa kwachita kukula. Mlomwe wa ku Bangwe akakonda Mtumbuka wa ku Zingwangwa, wina kwawo n'kwa chikamwini, wina kwa malowolo, ndipo nkhani ya kumene ana adzawerengedwe mphete singaithe.

Pachinkhoswe chija, nyimbo zitazima, ankhoswe a mbali ziwiri anasinthana tambala ndi msoti monga mwa kale. Ndinanong'oneza malume a mtsikana kuti mnyamata atagwada kunyanja kuja, kwa iwo anafika liti. Anaseka, nati anatuma akwawo patatha milungu itatu, ndipo iwo anawabweza kawiri asanawayankhe.