Mpando wa mlombwa suyenera kuthera pamoto

M'nyumba zambiri za ku Chitala ndi midzi yozungulira muli mpando umene palibe amene akukumbukira tsiku limene unagulidwa. Nsalu yake inang'ambika kalekale, siponji inaphwa, koma miyendo yake ikadali nji, ndipo mwana sangaunyamule yekha. Mipando yotereyi kawirikawiri imakhala ya mlombwa kapena mbawa. Ambiri a ife timaikankhira kuseri kwa nyumba, mvula n'kumainyowetsa, ndipo tsiku limene nkhuni zasowa imathera pamafuwa. Tisanaiwaze ndi nkhwangwa, ndi bwino tidziwe njira imene inadzera kuti ifike m'nyumba zathu, ndi chifukwa chake ina yonga iyo sidzapezekanso mosavuta.

Makolo athu a m'mbali mwa nyanja ankakhala pa mkeka wa mlaza ndi kugona pa mphasa ya bango. Mphasa ikayamba kumasuka ankaisokanso, ikatheratu ankayanikirapo ufa. Cha m'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota, kumpoto kwathu kuno. A Jumbe ankakhoma zombo zoyendera mphepo zimene zinkawolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya la nyanja, ndipo imeneyi ndi mbali yowawa ya mbiri yathu imene sitingaibise. Komabe kukhoma chombo kunkafuna amisiri odziwa kucheka matabwa ndi kuwalumikiza mosalowetsa madzi, ndipo luso limeneli linatsala m'manja mwa anthu a m'mbali mwa nyanja malonda oipawo atatha. M'nyumba za Aswahili ndi Ayao munalinso kama wa zingwe: miyendo inayi, mitanda inayi, pakati polukidwa. Kama ameneyu anapangidwa kuti azikonzedwa. Zingwe zikatha ankalukapo zina, ndipo mtengo wake unkachoka kwa malume kupita kwa mphwawo. Mu mtsamiro ankaikamo usufu, umene dzina lake lomwe likufanana ndi la Chiswahili, sufi.

M'nthawi ya atsamunda, ukalipentala wa macheka ndi pulena unkaphunzitsidwa kwambiri ku mishoni, monga ku Blantyre ndi ku Khondowe, kumene sukulu ya Livingstonia inatsegulidwa mu 1894. Makolo ambiri achisilamu sankatumiza ana awo kusukulu zimenezi poopa kuti akawasiyitsa chipembedzo. Anawo ankaphunzira ntchito pambali pa mmisiri wamkulu, ndipo ambiri anakhala pa makina osokera m'makonde a sitolo za amwenye. N'chifukwa chake utelala unazika mizu pakati pathu. Mfundoyi ndi yofunika pa nkhani ino, pakuti mpando wa nsalu umafuna manja a amisiri awiri: kalipentala wopanga mafupa ake ndi telala wouveka.

Chimene chinabweretsa mipando m'nyumba za anthu wamba m'dera lino ndi thonje. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, ndipo thonje la m'chigwa chino linayamba kutuluka mosavuta. Kafukufuku wa mbewuyi ankachitika ku Domira Bay, ndipo malo a kafukufuku wa zaulimi a ku Chitala anadziwika ndi thonje ndi mtedza. Mlimi akagulitsa thonje, kapena mwamuna akabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni kapena ku Salisbury, ndalama zina zinkapita kwa kalipentala: tebulo, mipando iwiri kapena inayi, ndi kabati yosungiramo mbale za alendo. Matabwa ake ankachekedwa padzenje, mmodzi ali pamwamba wina ali pansi, ndipo mitengo yake inali ya m'tchire lapafupi.

Matiresi a nthawi imeneyo anali thumba la nsalu yolimba lodzazidwa ndi thonje kapena usufu. M'chilimwe amayi ankawasomola, kuyanika za m'katimo padzuwa, kuzimenya ndi kamtengo kuti zifufume, kenako n'kusokanso. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, thonje lolimidwa kuno linayamba kubwerera kwa ife ngati nsalu. Kumapeto kwa zaka zomwezo kunabwera chitukuko cha ulimi m'mbali mwa nyanja ku Salima mothandizidwa ndi dziko la Germany, ndipo ndalama za thonje, mpunga ndi mtedza zinawonjezeka. Ku Senga Bay kunakhala sukulu ya ntchito zamanja, imene lero ndi Salima Technical College. Mipando yambiri yolemera imene tikuinyozera kuseri kwa nyumba ndi ya m'nyengo imeneyi.

Zinthu zinayamba kusintha pamene likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Mzinda watsopanowo unafuna matabwa, nkhuni, ndipo pambuyo pake makala ochuluka, ndipo nkhalango za m'mapiri a pakati pa Salima ndi Lilongwe, kuphatikizapo ya Thuma, ndizo zinali pafupi. Mlombwa sumera mwachangu. Mbande yake imatha zaka zingapo ikuuma kumtunda chaka ndi chaka pamene muzu ukukula pansi, ndipo kuti mtengo ufike pochekeka pamapita zaka makumi ambiri. Amene anadzala sakhala amene adzacheke. Boma linakhazikitsa lamulo la zankhalango mu 1997 ndi kulikhwimitsa mu 2020, koma lamulo silibweza mtengo umene unagwa kale.

M'malo mwa mlombwa munalowa paini wa ku Chikangawa ndi bulugama. M'malo mwa usufu munalowa siponji. Misika itatseguka m'zaka za m'ma 1990, mipando ya pulasitiki inadzaza paliponse, ndipo ili ndi ubwino wake: ndi yopepuka, ndipo pa ukwati kapena pa maliro imathandiza. Koma ikathyoka mwendo palibe mmisiri angaikonze kuti ilimbenso. Sofa wa m'mbali mwa msewu anabweretsa vuto lina. Nsalu imabisa zonse, ndipo wogula saona ngati m'katimo muli matabwa aawisi kapena zidutswa zokhomedwa ndi misomali yokha. Thabwa laliwisi likauma limapindika, misomali n'kukhwepa, ndipo pakutha pa dzinja ziwiri sofa amayamba kulira munthu akakhalapo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Apa ndi pamene ntchito ya wokonza mipando ikuonekera kulemera kwake. Mmisiri wabwino akalandira mpando wakale amayamba wachotsa nsalu ndi siponji yonse kuti mafupa aonekere. Amagwedeza molumikizira monse, amayang'ana ngati chiswe kapena tizilombo tofumbula matabwa tinalowamo, ndipo pogwedezeka amamasula, kupala guluu wakale, kupaka watsopano ndi kumanga mpaka aume. Thabwa lothyoka amalowetsapo lina la mtundu womwewo, nthawi zambiri lochokera ku chitseko kapena kama wakale. Pokhalira amalukapo malamba, kawirikawiri odulidwa ku matayala akale a galimoto, n'kuyalapo chiguduli kuti siponji isadyeke ndi malambawo. Siponji yolimba amaiika pokhalira, yofewa kotsamira. Nsalu yakale ija saitaya msanga, chifukwa ndiyo muyeso wodulira yatsopano. Pomaliza amakwecha matabwa oonekera ndi sandipepala n'kupaka vanishi, ndipo kufiira kwa mlombwa kumabwerera monga mmene kunalili tsiku loyamba. Palibe mtengo umene wagwa, ndipo ndalama zapita kwa mmisiri wa pamudzi pomwe pano.

Anthu a kunja ayamba kale kuona phindu la manja a Amalawi. Mipando yolukidwa ndi nsungwi yochokera m'dziko muno imagulitsidwa ku Johannesburg ndi ku Ulaya, ndipo kumeneko amaitchula ndi dzina la dziko lathu. Ifeyo, amene tili ndi akalipentala ndi matelala m'banja limodzi kuyambira nthawi ya agogo, sitiyenera kudikira kuti mlendo atiuze mtengo wa zimene tili nazo. Kuyambira 1999 bungwe la TEVETA limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mnyamata kapena mtsikana amene anakulira pambali pa makina osokera a bambo ake wayenda kale theka la ulendo.

Idi ikamayandikira, ambiri timafuna kuti alendo apeze pabalaza pooneka bwino, ndipo ena timakongola ndalama kuti tigule sofa watsopano. Chaka chino tiyambe tayang'ana kuseri kwa nyumba. Mpando wakalewo tiutembenuze, tipale pang'ono mwendo wake ndi mpeni. Ngati m'kati muli mofiira ndi mouma gwa, tiunyamule tipite nawo kwa mmisiri, timufunse mtengo wokonzera, tiuyerekeze ndi wa watsopano. Ndipo ngati tasankhabe kugula watsopano, timupemphe wogulitsayo atsegule nsalu ya kunsi kuti tione matabwa ake tisanapereke ndalama.