Kusamva mankhwala kwa HIV mwa amayi

Kusamva mankhwala kwa HIV ndi pamene kachilombo kasintha chibadwa chake mpaka ma ARV amene munthu akumwa aleka kukaletsa kuswana. Ambiri amati kachilombo "kapima". Chimene chimapima ndi kachilomboko, osati thupi la munthu, ndipo kachilombo kotere kangathe kupatsiridwa kwa mwamuna kapena kwa mwana.

HIV imaswana mofulumira ndipo poswanapo imalakwitsa kawirikawiri. Mankhwala akachepa m'magazi, tizilombo tosinthikato ndi timene timapulumuka n'kuchulukana.

Chifukwa chake amayi amakhudzidwa kwambiri

Nkhaniyi imayambira ku njira zotetezera mwana wosabadwa. Mu 1999, kafukufuku wa HIVNET 012 ku Uganda anaonetsa kuti piritsi limodzi la nevirapine, lomwa mayi matenda akayamba, pamodzi ndi dontho la mankhwala omwewo kwa khanda, limachepetsa kupatsira mwana kachilombo. Njirayi inali yotsika mtengo ndipo inapulumutsa ana ambiri. Vuto lake linali lakuti nevirapine amakhalitsa m'magazi kwa masiku ambiri akuchepa pang'onopang'ono, ali yekha popanda mankhwala ena omuthandiza. Kusintha kumodzi kokha, monga kotchedwa K103N, n'kokwanira kuti nevirapine ndi efavirenz yemwe asiye kugwira ntchito. Motero amayi ena atadzayamba ma ARV anapeza kuti mankhwala oyamba sakuwathandiza.

Mu 2011 Malawi inakhala dziko loyamba kukhazikitsa Option B+: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV a moyo wonse, posayang'ana CD4. Koma ambiri ankayamba mankhwala tsiku lomwelo apezeka ndi kachilombo kusikelo, ali bwinobwino m'thupi, mwinanso asanauze amuna awo. Ena ankasiya mwana akaleka kuyamwa, n'kudzayambiranso pa mimba yotsatira. Kusiya ndi kuyambiranso kotereku ndi kumene kumapatsa kachilombo mpata, ndipo si chilungamo kungoti ndi ulesi wa mayi. Lipoti la WHO la 2019 linapeza kuti mwa anthu oyamba mankhwala, kusamva efavirenz ndi nevirapine kunali kochuluka mwa amayi kuposa abambo.

Dolutegravir

Kachilombo sikapima dolutegravir msanga. Mu 2018 kafukufuku wa Tsepamo ku Botswana anadzetsa mantha akuti mankhwalawa angawononge msana ndi ubongo wa mwana m'mimba, choncho amayi a msinkhu wobereka anachedwa kuwalandira. Zotsatira zina zinaonetsa kuti chiopsezocho n'chochepa, ndipo mu 2019 WHO inawavomereza kwa onse. Ku Malawi amaperekedwa m'piritsi limodzi ndi tenofovir ndi lamivudine, lodziwika kuti 13A.

Kuzindikira kwake

Munthu sangadziwe ndi maso. Amayeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Tikapitirira 1,000 pa mililita, mayi amalandira uphungu wa kamwedwe koyenera, kenako amamuyezanso. Tikakhala tidakali tambiri, magazi angatumizidwe kukayeza chibadwa cha kachilombo asanamusinthire mankhwala.