Mtondo ndi Bango: Mitundu Iwiri ya Mizinga

Adzukulu anga, akuluakulu a kuno ku Thyolo amene anabwerako ku nkhondo ya ku Burma, naayambanso ntchito m'minda ya tiyi, ankakonda kusimba za mizinga. Ife pomvera tinkayesa kuti mzinga ndi umodzi. Pamenepo tinkalakwa, pakuti mizinga ili ndi mafuko ake.

Woyamba Angerezi amautcha cannon, dzina lochokera ku liwu lachilatini lotanthauza bango. Mpope wake ndi wautali, ndipo chipolopolo chimathamanga molunjika ngati muvi, kukaswa chimene chili patsogolo. Wachiwiri amautcha mortar, ndilo dzina lomwelo la mtondo wosinjiramo chimanga, chifukwa yakale inali yaifupi ndi yotakata kukamwa. Uwu umaloza kumwamba, kupitirira madigiri 45. Msilikali amaponya bomba kukamwa kwake, ilo nkukwera, nkukagwa kuseri kwa chitunda monga mwala woponyedwa padenga. Ganizirani mdani wobisala m'khwawa pakati pa mizere ya tiyi: bango silingamupeze, koma mtondo umamutsikira pamutu.

Mbiri yathu ikuchitira umboni. Mu 1889, ku Karonga, Frederick Lugard anawombera malinga a Mlozi ndi anzake ogulitsa akapolo pogwiritsa ntchito mzinga wolunjika. Zipolopolo zinkangoboola khoma ndi kupitirira, linga osagwa. Mlozi anakhalabe mpaka Disembala 1895, pamene Harry Johnston anabwera ndi asilikali ndi mizinga yambiri, namugonjetsa. Zaka zonsezo malonda a akapolo sanathe.

Mtondo wopepuka, woti anthu nkunyamula pamapewa, anaupanga ndi Wilfred Stokes mu 1915, pofuna kufikira adani obisala m'maenje ku Ulaya. Mu 1944 asilikali a King's African Rifles, pamodzi ndi ana a dziko lino, anali m'chigwa cha Kabaw ku Burma, kumene matope ndi nkhalango zinkakaniza mizinga yolemera kudutsa. Kumeneko mtondo unathandiza kwambiri, chifukwa unkafika paliponse pamene phazi la munthu lafika.

Nanga wopambana ndi uti? Makolo anayankha kale kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Bango limafika patali ndi mphamvu, mtondo umafika pobisika. Tsono mukaona amayi anu akusinja mphale, kumbukirani kuti chiwiya chodyetsa mudzicho chinabwereketsa dzina lake ku chida chopasula midzi. Inu sankhani mtondo wa ufa.