Kutupa kwa m'mphechepeche

Kutupa kwa m'mphechepeche ndi chotupa chilichonse chotuluka pamene ntchafu imalumikizana ndi mimba. Ndi chizindikiro cha matenda osiyanasiyana, ndipo ntchito yoyamba ya dokotala ndi kusiyanitsa chotupa chimene chingadikire ndi chimene chikufunika opaleshoni tsiku lomwelo.

Zoyambitsa

Hernia imachitika matumbo kapena mafuta a m'mimba akatulukira pamalo pamene minofu yafooka. Mtundu wa inguinal umagwira kwambiri amuna ndipo ungatsikire m'thumba la machende. Wa femoral umatuluka m'munsi pang'ono, umapezeka kwambiri mwa akazi, ndipo suchedwa kupana matumbo.

Hydrocele ndi madzi odzaza mozungulira tchende. Anthu ambiri amangoti phudzi kapena mwera, osasiyanitsa ndi hernia yotsikira m'thumba.

Mwanabere amatupa chifukwa cha chilonda cha kuphazi kapena kumwendo, matenda opatsirana pogonana monga mabomu ndi chindoko, TB, HIV kapena khansa. Zina zotupitsa malowa ndi chithupsa komanso tchende limene silinatsike.

Kapimidwe

Dokotala amafunsa nthawi imene chotupacho chinayamba, ngati chimapweteka, ndiponso ngati chimabwerera munthu akagona. Wodwala amapimidwa ataimirira, kenako atagona chagada. Hernia imakankha dzanja wodwala akatsokomola, ndipo kawirikawiri imabwerera m'mimba ikasindikizidwa pang'onopang'ono. Ngati zala zikukumana pamwamba pa chotupa cha m'thumba, ndiye kuti sichikuchokera m'mimba. Hydrocele imawala ikaunikidwa ndi tochi m'chipinda chamdima. Mwanabere sabwerera m'mimba, choncho dokotala amafufuza gwero lake kumapazi, kumiyendo ndi kumaliseche. Pakakhala chikaiko, amaunika ndi makina a ultrasound kapena kudula kachidutswa ka mwanabere kuti kakayezedwe.

Zizindikiro zoopsa

Chotupa cholimba, chopweteka kwambiri ndi chosabwerera, pamodzi ndi kusanza, kutupa mimba ndi kulephera kuchita chimbudzi, chimasonyeza kuti matumbo apanidwa. Magazi akasiya kufikako, matumbowo amawola ndipo munthu angafe. Nalonso tchende lopotokola, limene limayamba kupweteka mwadzidzidzi makamaka kwa anyamata, limafuna opaleshoni pasanathe maola 6.

M'boma la Rumphi

Odwala ambiri amayambira kuzipatala zazing'ono, ndipo ofunika opaleshoni amatumizidwa kuchipatala cha boma cha Rumphi kapena cha David Gordon Memorial ku Livingstonia. Ovuta kwambiri amapita kuchipatala chachikulu cha Mzuzu. M'zipatala za m'maboma m'Malawi, opaleshoni ya hernia ndi hydrocele amaichita kwambiri ndi ma clinical officer. Kwa anthu a kutali, monga a m'mphepete mwa nyanja ku Mlowe, kuzindikira msanga matumbo opanidwa kumapereka nthawi yokwanira ulendowo.

Dokotala amafunsanso kumene wodwala wa hydrocele wakhalako, chifukwa matenda a filariasis, ofala ndi udzudzu, anali ochuluka m'boma loyandikana nalo la Karonga. Mu 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti matendawa salinso vuto lalikulu m'Malawi, koma amene anatupa kale amafunikabe opaleshoni.