Msodzi pa Mpando wa Woweruza

Mau akuti "mlandu" tonse timawadziwa. Apwitikizi atafika m'dziko lino anawamva pakamwa pa eni dziko, nawatenga. M'mabuku ao ankalemba "milando". M'caka ca 1889 anakonza ngakhale buku la malamulo a anthu a ku Inhambane lochedwa Código dos Milandos. Kutenga mau kunali kosabvuta. Nkhani yaikulu inali yakuti mlanduwo auweruze ndani. Lero tiwerenga za nthawi imene boma linaika msodzi ndi mlimi wamba pa mpando wa woweruza, ndi m'mene mpandowo unawalemerera.

Kale, kuno ku gombe la nyanja, kuyambira ku Meluluca mpaka ku Cóbuè, mlandu unkayambira m'banja. Mwamuna ndi mkazi akayambana, ankhoswe ndiwo ankakhala pansi. Zikakanika, ankaitana mwini mbumba. Zikakanikanso, nkhani inkapita ku bwalo la mfumu. Mfumu siinkaweruza yokha. Inali ndi nduna ndi akuluakulu, ndipo munthu wamkulu aliyense ankaloledwa kuponyapo mau. Tisakometse zinthu: pa bwalo lomwelo munthu womnenera ufiti ankamwetsedwa mwabvi, ndipo kapolo analibe pakamwa. Koma kuweruza kunali nchito ya mudzi, ndipo wokhala pa bwalo anali munthu wolemekezeka.

Dera lathu la Niassa linalamulidwa ndi kampani yochedwa Companhia do Niassa mpaka caka ca 1929, pamene boma la Portugal linalitenga m'manja mwake. Malamulo a nthawi imeneyo anagawa anthu pawiri. Azungu ndi anthu akuda owerengeka ochedwa "assimilado" anali ndi mabwalo ao. Ena tonse tinali "indígena", ndipo woweruza wathu anali administrador. Munthu mmodzi yemweyo ndiye ankasonkhetsa msonkho, kulamula asipayo, kutumiza anthu ku cibalo ndi kuweruza milandu. Pambali pake pankakhala mafumu kapena akuluakulu oti amfotokozere mwambo wa kuno. Ankafunsidwa, koma mau otsiriza anali a mzungu. Wokhala pa mpando wotere anthu ankamkaikira. Lero wakhala pafupi ndi administrador, mawa mphwako wamenyedwa ndi mbalamatodya. Kodi unganene kuti iye sanadziwe? N'cifukwa cake anthu ankayesetsa kutha milandu yao kumudzi kuti isafike ku boma. Lamulo la "indígena" linathetsedwa m'caka ca 1961.

Nkhondo ya ufulu inayamba mu Setembala 1964, ndipo Cóbuè ndi amodzi mwa malo amene anayamba kumva mfuti. M'madera amene Frelimo inalanda, m'nkhalango za Niassa ndi Cabo Delgado, munalibe administrador. Milandu inkakambidwa pa msonkhano wa anthu, pamaso pa makomiti ndi akuluakulu a nkhondo. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, oweruza ambiri a Cipwitikizi anabwerera kwao, ndipo dziko linatsala ndi anthu ocepa kwambiri odziwa malamulo. Boma latsopano linacotsanso mafumu pa udindo, ponena kuti anali manja a atsamunda. Kwa zaka zitatu milandu ya kumudzi inagwera a Grupo Dinamizador.

Pa 2 Disembala 1978 panatuluka lamulo nambala 12/78. Lamuloli linakhazikitsa mabwalo ochedwa Tribunais Populares, ndiye kuti mabwalo a anthu. Pa bwalo la provinsiya ndi la distrito pankakhala woweruza woikidwa ndi boma, ndipo pambali pake oweruza osankhidwa pakati pa anthu wamba. Iwo anali ndi mau pa cigamulo, osati kungofunsidwa monga kale. Pa bwalo la pansi, la localidade, panalibe wophunzira malamulo ndi mmodzi yemwe. Onse anali osankhidwa, atatu kapena mpaka asanu. Lamulo linawauza kuti ayambe ndi kuyanjanitsa anthu. Zikakanika, aweruze mwa nzeru ndi cilungamo. Sankaloledwa kutsekera munthu m'ndende. Ankatha kumdzudzula pa gulu, kumlipitsa, kumuuza kubweza zimene waononga, kapena kumpatsa nchito ya mudzi yosapitirira masiku 30. Mlandu waukulu, monga wopha munthu, ankautumiza ku bwalo lalikulu.

Ku England ndi ku America nakonso anthu wamba amaweruza. Dongosolo lao limachedwa "jury". Boma limaitana anthu, kawirikawiri 12, otengedwa mwamwai pa mndandanda wa nzika. Amamva mlandu, amanena ngati munthuyo walakwa kapena ai, kenaka amabalalika. Ambiri kumeneko amadandaula kuti ataya masiku a nchito, ndipo wokana kubwera popanda cifukwa amalipitsidwa. Koma iwo amaweruza mlendo amene sadzamuonanso. Woweruza wathu ankaweruza munthu amene m'mawa wakoka naye khoka limodzi.

Ife aphunzitsi a lero tinali tisanabadwe. Ena a inu, amai ndi abambo, munaona ndi maso. Tiyeni tiganize pamodzi za munthu amene dzina lake lachulidwa pa msonkhano, manja akwezedwa, ndipo tsopano ndi woweruza.

Poyamba unali ulemu. Munthu amene atate ake ankagwada pa khomo la administrador tsopano akhala kuseri kwa tebulo, anthu namumvera. Ulemu umenewu unali waukulu koposa kwa amai. Amai ambiri, makamaka a bungwe la OMM, anasankhidwa kukhala oweruza m'dziko lonse. Pa bwalo lakale mkazi nthawi zambiri ankalankhulidwira ndi atsibweni ake kapena mlongo wake. Tsopano mkazi womenyedwa ndi mwamuna ankapeza mkazi mnzake pa mpando, womfunsa mafunso amene mwamuna sakanafunsa. Ife tikuona kuti ici ndico cinthu cabwino koposa cimene lamulo la 1978 linabweretsa kumudzi.

Koma ulemu sudyedwa. Wosankhidwa amene anali pa nchito ya malipiro ankacoka ku nchito kwa nthawi kukakhala pa bwalo lalikulu, malipiro ake nkumapitirira. Msodzi alibe womlipira. Usiku wonse ali pa nyanja ndi cilimila, m'mawa akufuna kuyanika usipa ndi kugona, koma pa bwalo anthu akumdikira. Mai ali ndi cinangwa cobviika coti abvuule, ali ndi nkhuni ndi madzi. Tsiku la bwalo linali tsiku locotsedwa pa cakudya ca ana. Oweruza a kumudzi ankagwira nchito imeneyi mongodzipereka.

Cinanso cinali cibale. M'mudzi wa ku gombe ndani amene si mbale wako? Wakuba ukonde ndi mwana wa alongo ako. Mwini mbuzi zimene zadya cinangwa ndi apongozi ako. Ukaweruza molunjika, kunyumba sakupatsa moni. Ukakondera, mudzi wonse waona. Mfumu yakale inali ndi cishango: ufumu unali wa makolo, ndipo anthu ankaopa mizimu ya eni nthaka. Woweruza wosankhidwa analibe cishango cotero. Amene wamgamula lero ndi amene mawa amupempha malo m'bwato. Ndipo tisabise: ambiri ankaopa kulodzedwa. Mwana wa woweruza akadwala patapita sabata cigamulire mlandu, pakhomo pankakhala mau. Munthu wokana mpando pa zifukwa zimenezi sitinganene kuti anali waulesi.

Panalinso bvuto la malamulo awiri m'mutu umodzi. Cipani cinkafuna kuti mabwalo alimbane ndi lobola, mitala, maukwati a ana ndi zikhulupiriro za ufiti. Zina mwa izi zinali zoyenera ndithu, monga kuletsa kukwatitsa ana. Koma lobola ndi mwambo wa kumwera makamaka. Kuno milandu ya banja imakhudza cikamwini, mphamvu ya atsibweni pa ana, ndi munda umene mkamwini walima pa nthaka ya akucikazi. Ndipo munthu akabwera kudzadandaula kuti wina akumlodza, boma linkati ufiti kulibe, pamene woweruza mwini wake ankakhulupira kuti ulipo. Akaukana mlanduwo, anthu ankapita usiku kwa mfumu yocotsedwa ija kapena kwa sing'anga. Cotero oweruza anzeru ankaphatikiza: pakamwa mau a cipani, pa cigamulo nzeru za makolo.

Caka ca 1983 cinadetsa dzina la mabwalo a anthu. Mu Malici boma linakhazikitsa lamulo nambala 5/83, lolola kukwapula anthu ndi cikoti pa gulu. Anthu amene anamenya nkhondo kuti mbalamatodya ithe anaona cikoti cikubwerera ndi cidindo ca boma lao. Caka comweco kunacitika Operação Produção. Anthu zikwi zambiri a ku Maputo, Beira ndi mizinda ina, amene anaonedwa kuti alibe nchito, anatengedwa nadzatulidwa kuno ku Niassa ndi ku Cabo Delgado. M'mizinda, oweruza a mabwalo a anthu anali pakati pa amene ankagamula kuti uyu atsale, uyu apite. Ambiri mwa otengedwawo sanabwererenso kwao. Lamulo la cikoti linathetsedwa m'caka ca 1989.

Nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo itafalikira, kukhala woweruza kunasanduka ngozi. Aliyense wa udindo wa boma kumudzi, mlembi wa cipani, mphunzitsi kapena woweruza, ndiye ankayamba kufunidwa. Anthu ambiri a ku gombe lino anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. M'madera ambiri a dziko mabwalo anangofa okha. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992.

Pa nthawi imeneyo malamulo anali atasintha kale. Malamulo akulu a dziko a 1990 analekanitsa mabwalo ndi cipani. Oweruza osankhidwa anatsala m'mabwalo a boma, koma mphamvu yao inacepa: anene zimene zinacitika, ndipo za malamulo azisiyire wophunzira. Mabwalo a kumudzi anacotsedwa pa mzere wa mabwalo a boma. Pa 6 Meyi 1992 lamulo nambala 4/92 linawapatsa dzina latsopano, Tribunais Comunitários. Lamuloli limati bwalo likhale ndi anthu 8, asanu okhazikika ndi atatu olowa m'malo. Munthu akhale nzika ya zaka 25 kapena kuposa. Za sukulu silinenapo. Amene sakhutira ndi cigamulo ali ndi ufulu wopita ku bwalo la boma.

Pa pepala zinali bwino. Koma panapita zaka zambiri boma lisanakonze m'mene masankho a oweruzawa adzacitikira. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Boaventura de Sousa Santos ndi João Carlos Trindade, wosindikizidwa m'caka ca 2003, anapeza kuti m'mabwalo ambiri munali oweruza omwe aja a nthawi ya mabwalo a anthu. Wina akamwalira kapena kutopa, otsalawo kapena akuluakulu a dera ankangopeza wolowa m'malo. Malipiro a boma panalibe, mapepala ndi zolembera zinkasowa, ndipo bwalo linkadalira tindalama tolipidwa ndi eni milandu. Apa maganizo a anthu anasinthanso. Woweruza amene amadya za mlandu, anthu amayamba kufunsa ngati akufuna mtendere kapena cindapusa. Ena ankati mabwalowa ndi a cipani cimodzi. Sitikukana kuti zoterezi zinalipo. Koma tikumbukirenso nkhalamba zimene zinakhala pa mpando zaka makumi awiri popanda malipiro, cifukwa cakuti anthu ankabwerabe ndi milandu yao.

Mafumu naonso anabwerera. Lamulo la boma nambala 15/2000 linawabvomereza monga akuluakulu a anthu, ndipo malamulo akulu a dziko a 2004, pa ndime 4, anabvomereza kuti m'dziko muno muli njira zambiri zothetsera milandu, malinga zisatsutsane ndi malamulo akuluwo. Cotero munthu wa ku Lunho kapena ku Maniamba amene mbuzi za mnzake zamdyera munda amasankha: kwa mfumu, kwa mlembi wa dera, kwa akulu a mpingo, ku bwalo la comunitário kapena ku polisi. Oweruza osankhidwa a m'mabwalo a boma anapatsidwa lamulo laolao m'caka ca 2013.

Mlandu ukakanika kumudzi, umapita ku Metangula. Kwa munthu wa ku Cóbuè umenewo ndi ulendo wautali, wa bwato kapena wa galimoto, ndipo ndalama za ulendo nthawi zina zimaposa mtengo wa cinthu cimene akulimbirana. Kumeneko mlandu umalembedwa m'Cipwitikizi. Woweruza wa boma angakhale wocokera ku Nampula kapena ku Maputo, wodziwa mabuku koma wosadziwa nyanja. Mboni ikanena kuti usiku umenewo kunali mwera ndipo palibe bwato limene linapita pa madzi, kapena kuti mwezi unali wowala ndipo usipa sukanabwera ku nyali, amene angadziwe ngati ikunena zoona ndi munthu wa kuno wokhala pambali pake.