Kufufuza munthu osamuvula: kuchokera ku Kimberley kufika pa terahertz

M'zaka za m'ma 1880, eni migodi ya dayamondi ku Kimberley ankatsekera antchito achikuda m'makomboni. Munthu akamaliza kontilakiti ankavulidwa, kufufuzidwa m'kamwa ndi malo ena osatchulika, kenako n'kusungidwa masiku angapo kuti ngati wameza mwala, utuluke. Kampani yaikulu kumeneko inali De Beers.

Patapita zaka pafupifupi 100, pofuna kugwira obisa dayamondi, akatswiri a kampaniyo anapanga Scannex, makina a X-ray ya mphamvu yochepa ojambula thupi lonse munthu ali chivalire. Madokotala anaona phindu lake: atayesedwa pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, anasanduka Lodox, amene amajambula wovulala pa masekondi 13. Komabe X-ray si chinthu choti munthu azipyozedwa nacho tsiku ndi tsiku.

Apa mpamene mafunde a terahertz analowera. Amadutsa nsalu ndi pepala koma amaima pakhungu, ndipo alibe mphamvu yowononga maselo ngati X-ray. Mu 1995 asayansi Hu ndi Nuss a ku Bell Labs anajambula nawo zithunzi. Chinavuta kwambiri ndi diso la makinawo. Galasi wamba limameza mafundewa, choncho malenzi amasemedwa ku polyethylene, Teflon kapena silicon, ndipo nthawi zambiri amisiri amasankha zitsulo zopindika zobweza mafunde. Chinyezi cha mumpweya nachonso chimadya mafundewa. Mafundewo ndi aatali kuposa a kuwala, motero kuti mpeni uoneke patali pamafunika lenzi yaikulu ngati lichero. Kampani ya ku Britain ya ThruVision inafika popanga kamera yongolandira mafunde amene thupi limatulutsa lokha.

Mwamuna wina dzina lake Abdulmutallab atakwera ndege yopita ku Detroit ndi bomba m'kabudula wamkati pa 25 Disembala 2009, mabwalo a ndege anadzaza makina ojambula thupi, ambiri ogwiritsa mafunde a milimita, oyandikana ndi terahertz. Anthu anadandaula kuti akuwaonetsa maliseche, ndipo pofika 2013 America inalamula kuti makina azionetsa chidole chabe, n'kuloza pamene pabisika chinthu. Lamulo limenelo ndi labwino, ndipo amene adzagule makinawa ku Cape Town kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu asavomere ochepera pamenepo.